Andiitana kukakwera mapiri a ku Lesotho pa njinga yamoto: ndipite?

Funso: "Ndine Mmalawi, ndimakhala ku Tembisa, ndipo ndatha zaka 6 ndikuperekera anthu zakudya pa njinga yamoto mu Johannesburg muno. Chaka chatha ndinagula njinga yangayanga ya 500cc kwa munthu. Tsopano gulu lina la anthu 12 landiitana kuti tipite ku Lesotho pa tchuthi cha 16 June, ulendo wa masiku 4. Akuti tikalowera pa Caledonspoort, kudutsa ku Mokhotlong, n'kudzatulukira pa Sani Pass. Ambiri mwa iwo ali ndi njinga zikuluzikulu za 800 mpaka 1200cc. Ine msewu wa m'mapiri umene ndimaudziwa ndi wa Golomoti, koma nawonso ndinaudutsa ndili mu minibasi. Ndikuopa kuti ndizikatsalira n'kuchita manyazi. Mayi a kunyumba nawo akuti ndiwatenge kumbuyo. Ndipite kodi? Nanga ndikonzekere bwanji?"

Yankho: Achimwene, mtima m'malo. Munthu amene watha zaka 6 akupikisana ndi matekisi a ku Joni, pamvula ndi padzuwa, ali ndi luso limene eni njinga zikuluzikulu ambiri alibe. Maso anu anazolowera kuona ngozi isanafike, dzanja lanu limaidziwa kilachi, ndipo kuyenda pang'onopang'ono osatsitsa phazi kwa inu si nkhani. Anzanuwo ambiri njinga amaitulutsa Lamlungu lokha. Za kukula kwa injini musadere nazo nkhawa. M'makona a ku Lesotho mulibe poti munthu n'kutsegulira 1200cc, pamalo ovuta aliyense amakhala ali mu giya 1 kapena 2, ndipo njinga yopepuka ndi imene imapindika mosavuta. Ulendo wotere mungaukwanitse ndithu.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mantha otsalirawo, chifukwa pa zaka zimene ndakhala ndikutsogolera magulu m'misewu yotereyi, ambiri amene ndawadzutsa m'mbali mwa msewu anagwa akuthamangira mnzawo wakutsogolo.

Gulu la njinga likalowa m'msewu wa makona limatamuka ngati mphira ya legeni. Wotsogolera akatuluka pakona amathira moto nthawi yomweyo, pamene wachiwiri akadali m'kati mwa kona ndipo wachitatu akungoyamba kumene kugwira mabuleki. Mpata umanka nukula pa munthu aliyense, moti pofika pa wa nambala 12 ndiye kuti watsala kutali zedi. Kuti awapeze anzake, ayenera kuthamanga kuposa wotsogolera yemwe uja. Wakutsogolo akhoza kulumbira kuti tsiku lonse sanapyole 80, n'kukhala akunena zoona, chonsecho wakumbuyo wakhala akugunda 110 pakati pa kona ina ndi inzake. Ndiye taonani zimene mlendo amachita. Mwa ulemu wathu uja amati "tsogolani akuluakulu, ine ndizibwera pambuyo," n'kudziika yekha pamalo ovuta kuposa onse. Inu mukapemphe kukhala wachiwiri kapena wachitatu, kumbuyo kwenikweni kwa wotsogolera, kuti azikuonani pagalasi ndi kuyeza liwiro la gulu poona inu.

Mmene ngoziyo imachitikira ndi momwemomwemo nthawi zonse. Munthu maso ali pa getsi lofiira la mnzake, osati pa msewu. Mnzakeyo walowa pakona ndi liwiro limene iye amalitha, wakumbuyo n'kulowanso ndi liwiro lomwelo. Pakati pa kona akuona kuti ikupitirizabe kukhota kuposa mmene amaganizira. Mtima phaa, dzanja lafinya buleki yakutsogolo, njinga imene inali itapendekeka yadzuka n'kuyamba kuwongoka, ndipo maso ake athawira pa chimene akuchiopacho, kaya ndi chitsulo cha m'mbali mwa msewu, kaya ndi phompho. Njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Zonsezi zimatha m'masekondi awiri, ndipo nthawi zambiri njingayo ikanatha kukhota bwinobwino mwini wake akanangotembenuza mutu n'kuyang'ana kotulukira.

Choncho musanapereke ndalama iliyonse, muimbireni amene akukonza ulendowu, mumufunse kuti wotsalira amatani naye. Gulu lodziwa ntchito limakhala ndi munthu wodziwa msewu kutsogolo ndi wina waluso kumbuyo kwenikweni, amene sadutsa aliyense ngakhale zitavuta bwanji, ndipo ndiye amanyamula zida zomatira tayala ndi bokosi la chithandizo choyamba. Pamphambano, mmodzi wa gululo amaima n'kuloza njira mpaka wotsiriza uja atafika. Ndi dongosolo limeneli palibe amene angasochere, ndiye palibenso chifukwa chothamangira. Mufunsenso ngati pali galimoto yotsatira yokhala ndi ngolo yonyamulira njinga ikawonongeka, ngati aziima pakatha ola lililonse kapena ola ndi theka, komanso ngati pa nkhomaliro pamakhala mowa. Akakuyankhani kuti "tikaonera komweko bwana, ingolimbani mtima," dziwani kuti limenelo si gulu lophunzirira nalo mapiri. Anthu 12 ndi ambirinso pa msewu wa makona. Ine ndimawagawa pawiri, othamanga patsogolo, odekha pambuyo, n'kumakumana pamalo amene tagwirizana.

Pa msewu wowongoka, monga kuchoka ku Johannesburg kupita ku Fouriesburg, gulu limayenda mosemphanitsa, wina chakumanja kwa leni, wotsatira chakumanzere, pakati pa inu ndi amene ali kutsogolo kwanu mumzere wanu pali masekondi awiri. Makona akangoyamba zimenezo zimatha. Aliyense amafuna leni yonse, ndiye mumandondozana mmodzimmodzi, mpata wa masekondi atatu kapena anayi. Wina akakufikani kumbuyo n'kumakuunikirani, musawonjezere moto. Dikirani powongoka, penderani kumanzere, mukodoleni adutse.

Tsopano za makona enieniwo. Ku Lesotho amayenda kumanzere ngati kwathu ndi kuno, ndiye pamenepo palibe chachilendo. Chachilendo kwa munthu wa m'tauni n'chakuti simuona kumene kona ikuthera, phiri limakhala litatchinga. Mabuleki ndi kutsitsa magiya muzimalize njinga ikadali yowongoka. Mulowe pang'onopang'ono, mukhale chakunja kwa kona mpaka mutaona kotulukira, pamenepo m'pamene mupinde n'kuyamba kuthira moto pang'onopang'ono. Amene amapinda msanga amatuluka atatayikira kunja. Pa kona yokhotera kumanja samalani mutu: matayala akhoza kukhala mbali yanu ya mzere woyera, koma thupi likapendekeka mutu uli m'leni ya thiraki ikubwera kutsogoloko. Ndipo mukaona kuti kona yakukulirani, kankhani handulo ya mbali imene mukukhoterayo, yakumanja ngati mukupita kumanja, maso kotulukira. Mumachita kale zimenezi tsiku lililonse osadziwa, koma muyenera kuzichita mwadala kuti dzanja lidzazikumbukire tsiku la mantha.

Mukachoka ku Butha-Buthe, tauni yoyamba mukalowera pa Caledonspoort, pa msewu wa A1, mayeso oyamba ndi Moteng Pass, yomwe pamwamba pake ndi mamita 2,820, ndipo chakumapeto kwake kuli makona obwerera m'mbuyo ali pachitunda chenicheni. Pa kona yotere lowani ndi giya 1, injini izilira ndithu, kilachi mwaigwira theka, phazi likukhudza buleki yakumbuyo pang'ono, chibwano chili paphewa kuyang'ana kumene mukupita. Chachikulu n'chakuti musaime pakati pa kona. Msewu umakhala wopendekeka, ndipo phazi la mbali yakumunsi silipeza pansi, mungoona njinga yagona. N'chifukwa chake mukaona thiraki kapena mnzanu akuvutika pakona kutsogolo, imani pansi powongoka, adutse kaye. Mathiraki m'njira imeneyi ndi ambiri, ena opita ku mgodi wa dayamondi wa Letšeng, ena onyamula katundu wa damu la Polihali limene akumanga kufupi ndi Mokhotlong, ndipo thiraki yaitali singakhote pakona yotere osadya leni yanu.

Kutsika n'kumene kumapusitsa anthu. Mukatsetsereka makilomita ambiri mutakanikiza mabuleki, amatentha, mafuta ake amawira, ndipo mumangomva chogwirira chafewa mpaka kukhudza handulo popanda chogwira. Tsikani ndi giya imene mukanakwera nayo, injini ndiyo izikugwirani, mabuleki muzigwira mwamphamvu kanthawi kochepa n'kuwasiya apume. Kutsika mutachotsa giya kuti mupulumutse petulo, monga amachitira anyamata ena a kabaza kwathu, kumeneko musakayerekeze.

Pamsewupo muyembekezere nkhosa, mbuzi, abulu ndi mahatchi, nthawi zina gulu lonse litagona pa tala kuseri kwa kona, mnyamata woweta ali chapatali atafunda bulangete. Agalu awo ndi aakulu ndipo amathamangitsa njinga. Miyala imagwa kuchokera m'maphiri, mchenga umaunjikana m'makona mvula ikagwa, ndipo m'midzi muli mahampu ena osapentedwa. Lamulo lake ndi limodzi: liwiro lanu likhale loti mungathe kuima m'kati mwa mtunda umene maso anu akuona, muli mbali yanu.

Nkhani ya mwezi ndiyo ndikufuna muimve bwino, ndipo mukaifikitse kwa anzanuwo. June ku Lesotho ndi pakati pa dzinja lenileni. Dziko lonselo lili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo msewu umene mwasankhawu umakwera kupitirira mamita 3,200 pa Tlaeeng Pass ndi pa Kotisephola, kufupi ndi Sani. Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002, ndiye kuti mudzakhala mukuyendetsa njinga pamwamba kuposa malo alionse a m'Malawi. Msewu womwewu umadutsa pa Afriski, pamene anthu amapita kukatsetsereka pa chipale chofewa kuyambira mwezi womwewo wa June mpaka August. Chipale chikagwa chambiri msewu umatsekeka, anthu n'kugona m'magalimoto. Koma choopsa kwambiri kwa wa njinga ndi madzi oundana pa tala. Kamtsinje kakang'ono kodutsa pamsewu kamaundana gwaa usiku, ndipo pa kona imene dzuwa silifika kamakhala choncho mpaka masana, kosaoneka, kongonyezimira pang'ono ngati ponyowa. Pamenepo luso silithandiza, tayala la mtundu uliwonse limaterereka.

Kuzizira nakonso kumalanda nzeru. Mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, onjezanipo mphepo ya pa njinga. Zala zikachita dzanzi simumvanso kuti buleki mwaigwira motani, ndipo munthu wozizidwa amaganiza mochedwa osadzizindikira. Dzuwa limalowanso itangopitirira 5 koloko, ndipo usiku m'mapiri amenewa si woyendamo pa njinga. Kunena mosapsatira, ulendo wanu woyamba usakhale wa June. Chakumapeto kwa March, April, kapena October ndi nthawi yabwino. Miyezi ya December ndi January kumafunda, koma masana kumabwera mvula ya mabingu, matalala ndi chifunga, ndiye mumanyamuka m'mamawa kuti pofika 2 koloko mukhale mutatsika pamwamba. Gulu likakana kusintha tsiku, n'kwabwino kuwatsanzika bwinobwino n'kudikira ulendo wina.

Kukwera kumeneku injini imakumvanso. Mpweya ukamapepuka, injini imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse. Mwayi wanu ndi wakuti Johannesburg ili kale pa mamita pafupifupi 1,750, choncho pamwamba penipeni mudzataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu imene munazolowera. Muli nokha simungadandaule, mungotsitsa giya. Muli awiri ndi zikwama, pachitunda, mudzaimva. Ngati njinga yanu ndi yakale ya kabuleta, ikhoza kumatsamwa ndi kudya mafuta kwambiri kumtundako, zimenezo musadabwe nazo.

Zimenezi zatifikitsa pa nkhani ya mayi. Kufuna kwawo n'kwabwino, ndipo dzikolo ndi lokongola moti n'zomveka kufuna kukaliona muli awiri. Koma pa ulendo uno, ayi. Munthu wakumbuyo amasintha zonse: njinga imachedwa kuima, kutsogolo kumapepuka pokwera, ndipo pakona iye akachita mantha n'kudzuka pamene inu mukupendekeka, njinga imawongoka. Simungaphunzire mapiri ndi kunyamula munthu nthawi imodzi. Makamaka pa Sani. Kuchokera ku Mokhotlong kufika pamwamba pa Sani ndi tala wabwino, koma mukangodutsa chipata cha Lesotho, pa mamita oposa 2,800, tala amathera pomwepo. Pakati pa chipata chimenecho ndi cha South Africa kumunsi pali makilomita 8 kapena 9 a miyala yosakhazikika, makona obwerera m'mbuyo otsatizana, otsetsereka kwambiri, ndipo m'dzinja ena mwa makona akumtundawo amakhala ndi madzi oundana. A South Africa magalimoto amalola a 4x4 okha kukwera pamenepo. Ntchito yoika tala yakhala ikukwera kuchokera kumunsi, mbali ya Himeville, choncho mufunse amene adutsako posachedwa kuti yafika pati. Zipata za pamenepo zimatsekanso 6 koloko madzulo.

Ngakhale muli nokha, ngati matayala anu ndi a pa tala ndipo simunayendepo pa miyala yotsetsereka, Sani musatsike nayo. Palibe cholakwika kufika pamwamba, kumwa tiyi, kusuzumira kuphomphoko, n'kubwerera pa tala. Ngati gulu lili ndi galimoto ya 4x4 yotsatira, mayi akhoza kukwera m'menemo ulendo wonse, n'kumakwera kumbuyo kwanu pa zigawo zowongoka zokha, atavala zonse ngati inu: chipewa chowakwana bwino, jekete, magolovesi, nsapato zobisa akakolo. Ulendo wa awiri mudzaukonze panokha m'tsogolo muno, wolowera ku Ficksburg, kudzera ku Hlotse ndi Pitseng, kukwera Mafika Lisiu Pass ya mamita 3,090 mpaka ku damu la Katse. Ndi tala njira yonse, ndipo mukaona khoma la mamita 185 limene limasunga ena mwa madzi amene mumamwa ku Tembisa komweko.

Za mapepala ndinena mwachindunji chifukwa ife alendo n'zimene zimatipweteka. Lesotho yazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, ndiye mukalowa, potuluka mulowanso mu South Africa basi. Ngati pemiti yanu kapena masiku a mu pasipoti anatha, pa chipata potuluka adzakudindani kuti ndinu wosafunika m'dziko. Malamulo a 2014 amati wopyola masiku osaposa 30 aletsedwe kulowa kwa chaka chimodzi, wopyola masiku oposa 30 zaka 5. Munthu akhoza kupita kokasangalala masiku 4 n'kupezeka kuti sangabwererenso kunyumba ndi kuntchito kwake. Ngati pali chokayikitsa chilichonse pa mapepala anu kapena a mayi, kaonaneni ndi loya wa za olowa ndi otuluka musanayandikire boda, ndipo ku ofesi ya kazembe wa Lesotho ku Pretoria mukafunse zimene akufuna kwa mwini pasipoti ya Malawi.

Onaninso laisensi. Laisensi ya gulu la A1 imathera pa 125cc, njinga ya 500cc imafuna ya gulu la A, ndipo ambiri operekera zakudya amaiwala zimenezi akagula njinga yaikulu. Ndi laisensi yolakwika inshulansi siilipira. Mutenge mapepala a umwini wa njinga, ndipo popeza munagula kwa munthu, onetsetsani kuti dzina linasinthidwa kukhala lanu. Ngati idakali m'dzina la wina kapena la banki, pamafunika kalata yawo yololeza kuti ituluke m'dziko. A inshulansi muwafunse ngati amafika ku Lesotho, akulembereni. Road Accident Fund, thumba la boma lolipira ovulala pa ngozi zapamsewu, imathandiza pa ngozi za m'misewu ya South Africa mokha, ndiye mukavulala kutsidyako zonse zili pa thumba lanu, pamene chipatala chachikulu chili ku Maseru ndipo ovulala kwambiri amawatumiza ku Bloemfontein. Inshulansi ya paulendo yolipira ambulansi ndi kukunyamulani kubwera kuno, pa masiku 4, si yodula poyerekeza ndi zimenezo. Pa zotchinga za apolisi imani ndithu pa chikwangwani, mudikire akukodoleni.

Zina n'zazing'ono. Randi imagwira ntchito ku Lesotho mofanana ndi loti, koma loti kuno salandira, ndiye muzimalize konko, ndipo tengani ndalama zapamanja chifukwa makina a khadi kumapiri ndi osadalirika. Thirani thanki yodzadza ku Butha-Buthe, ndipo paliponse pamene mwapeza petulo thiraninso ngakhale thanki ili theka. Mapu muwasunge mu foni musananyamuke, netiweki imasowa m'zigwa.

Pokonzekera, pezani tsiku limodzi la maphunziro a makona pa bwalo la mipikisano, kumene mlangizi amakuonani n'kukuuzani zimene mukulakwitsa. Masukulu otere mu Gauteng alipo angapo, ndipo ndalama yake ndi yaphindu kuposa ekizozi yaphokoso. Kenako tengani mnzanu mmodzi wodekha mupite ku Long Tom Pass, pakati pa Mashishing ndi Sabie, kapena ku Golden Gate kufupi ndi Clarens, mukayese zimene mwaphunzirazo popanda gulu lokuthamangitsani. Ngati muli ndi vuto la mtima, BP yokwera kapena mphumu, kaonaneni ndi dokotala mumuuze kuti mukukwera kupitirira mamita 3,000. Kumtundako mutu ukayamba kuwawa kwambiri, mseru, chizungulire kapena kubanika mutangokhala, musakwerenso njinga, uzani wotsogolera ndipo mutsike kumunsi pa galimoto.

Njinga ipite kwa makaniko kutatsala masabata awiri, osati dzulo lake. Aone mapadi a mabuleki, asinthe mafuta a mabuleki ngati apitirira zaka 2, aone tcheni ndi masipuroketi, chingwe cha kilachi, ndi batire, chifukwa batire yofooka imafera m'mamawa wozizira. Matayala ngati atsala pang'ono kutha, kapena aphwatalala pakati chifukwa cha misewu yowongoka ya m'tauni, sinthani onse awiri, ndipo muyende nawo makilomita 150 kapena 200 musananyamuke, chifukwa tayala latsopano limaterera masiku oyamba.